Biti ikupsa, pulagi ikungozungulira: kuboola khoma la pakhonde la fulati

Mayi wina wa ku Lilongwe walemba motere: "Ndimachita lendi fulati ya pa nsanjika yachitatu. Ndikufuna kukhoma mabulaketi pakhonde, ena a sola ya mawati 150, ena omangirirapo chingwe choyanikapo zovala. Ndinabwereka drill kwa alamu anga. Pakhoma la njerwa inalowa ngati ndikuboola chinangwa, koma pulagi, kapulasitiki kaja kolowetsamo sikuluwu, ikungozungulira, sikuluwu siikugwira. Nditayesa pa chipilala cha pakona, biti, chitsulo choboolera chija, inangolowa pang'ono n'kuima, inatentha mpaka inasintha mtundu. Ndalakwitsa pati? Kapena ndiboole pansi pa khondelo?"

Zikomo mayi pofunsa musanapitirire, safunsa anadya phula. Ndiyambe ndi funso lanu lomalizalo chifukwa ndi limene landidzidzimutsa. Pansi pa khondelo musaboolepo ayi, ngakhale kabowo kamodzi.

Khonde la m'mwamba lotulukira kunja, lopanda mzati pansi pake, limagwiridwa mbali imodzi yokha, ngati mkono wotambasula. Konkire yotere imafuna kuthyokera pamwamba, pamene yalumikizana ndi nyumba, ndiye zitsulo zake zikuluzikulu zimayalidwa chakumwamba, masentimita awiri, atatu kapena anayi okha kuchokera pamwamba pa konkireyo. Biti yanu ikanakumana nazo msanga. Komanso pansi pa matailosi, ngati omanga anagwira ntchito bwino, pali chotchinga madzi. Mukachiboola, madzi a mvula ndi a zochapa zanu amatsikira m'konkire, amapeza chitsulo, chitsulo chimachita dzimbiri n'kufufuma, ndipo pakatha zaka zingapo konkire imayamba kugamphuka kunsi kwake, pamutu pa aneba anu. Kunsi kwa khonde la amene ali pamwamba panu nakonso kusiyeni. Amene mukuwerenga muli ku Johannesburg, Cape Town kapena ku Britain m'nyumba zitalizitali muchenjere koposa, chifukwa masilabu ena kumeneko ali ndi zingwe zachitsulo zokokedwa mwamphamvu kwambiri konkire itauma. Kudula chingwe chimodzi ndi ngozi yaikulu.

Tsopano kukhoma kuja. Mwakumana ndi zinthu ziwiri zosiyana pakhonde limodzi, ndipo mwazichitira chimodzimodzi. Cholakwika chili pamenepo basi. Pulasitala ndi penti zimabisa zonse, khoma limaoneka lofanana, koma mkati mungakhale njerwa yootcha, buloko ya simenti yamphako, matope a pakati pa njerwa, kapena konkire yeniyeni. Chilichonse chili ndi kaboolidwe kake ndi chogwirira chake. Ine ndisanagule bawuti ndi imodzi yomwe, ndimayamba ndaboola kabowo koyesera ndi biti yaing'ono, ya mamilimita 5 kapena 6, n'kuika chikhatho pansi kuti ndione fumbi. Masentimita awiri oyamba musawawerengere, ameneyo ndi pulasitala. Likamatuluka fumbi lofiira kapena lachikasu, ndi njerwa yootcha. Likakhala lotuwa, lamchengamchenga, biti n'kumalowa mosavuta, mwagwera m'matope a pakati pa njerwa. Biti ikalimbana pang'ono kenako n'kugwera mkati mwadzidzidzi mpaka drill kugunda khoma, ndi buloko yamphako. Fumbi lotuwa losalala ngati ufa woyera, biti ikuyenda mochedwa ndiponso ikugunda timiyala, imeneyo ndi konkire. Chipilala chanu cha pakona ndi chimenecho.

Za mabuloko ndinenepo pang'ono, chifukwa anthu akupusitsika nazo. Mu 2018 boma linaika malamulo oletsa njerwa zootcha pa zomanga za boma ndi za malonda pofuna kuteteza mitengo, ndiye mafulati ambiri atsopano m'matauni athu ndi a mabuloko. Khungu la buloko yamphako ndi lopyapyala, masentimita atatu kapena kuchepera. Mukaboola mutayatsa hamala ya drill, ija imachititsa biti kugogoda ikuzungulira, kuseri kwake kumaphulika n'kusiya chibowo chonga fanulo, ndiye pogwira pulagi pamatsala pochepa kwambiri. Pa buloko zimitsani hamala, muboole mongozungulira.

Inu mwati njerwa inalowa ngati chinangwa. Njerwa zathu za pauvuni sizipsa mofanana. Zimene zinali pafupi ndi moto zimalimba mpaka kulira ngati chitsulo mukazigogoda, za m'mphepete mwa uvuni zimatuluka zosapsa, mumatha kuzikanda ndi chikhadabo. Omanga amaziphatikiza zonse khoma limodzi. Mukaboola njerwa yofewa ndi hamala, biti imavina, bowo la mamilimita 8 limasanduka la 10, pulagi n'kumasambira. Mwinanso munagwera m'matope, ndipo tonse tikudziwa mmene simenti imathawira pa saiti: thumba limodzi limakhoza kudyetsa mawilibala a mchenga ochuluka kuposa amene analembedwa. Bulaketi yonyamula katundu imafuna pakati pa njerwa, osati pamzere wa matope, ndiponso osachepera masentimita 6 kuchokera m'mphepete mwa khoma kapena pa zenera. Bowo lomwe lakula kalelo musaliphatike ndi machesi kapena timitengo. Ndikudziwa kuti amisiri ambiri amasema kamtengo n'kukhomera, ndipo pa chithunzi cha m'chipinda chochezera zimatheka. Panja ayi. Mtengo umafufuma m'dzinja, umanyala mu Okutobala, chaka chachiwiri umangosolola ndi zala. Litsekeni ndi matope a simenti, muboole pena.

Nanga biti yakupsayo? Pali zifukwa zitatu, ndipo mwina zonse zinakumana. Choyamba, yang'anani nsonga yake. Biti ya khoma ili ndi kachitsulo kolimba kowotcherera kumapeto, kooneka ngati mutu wa muvi, kotambalala pang'ono kuposa thunthu lake. Ngati yanu ndi yosongoka ngati ya zitsulo kapena matabwa, siingathe konkire ngakhale mutaipempherera. Chachiwiri ndi makinawo. Drill wamba yokhala ndi chizindikiro cha hamala imangonjenjemera, timano tiwiri tikukhulana mkati, ndipo imakwanira pa njerwa. Konkire imafuna rotary hammer, imene amisiri amangoti SDS, yomwe ili ndi pisitoni yomenyadi biti ngati munthu wa tchizulo. Bowo limene mungalimbane nalo theka la ola ndi drill ya alamu anu, SDS imalimaliza mphindi imodzi isanakwane, ndipo simukankha, mumangoigwira kuti isapendeke. Simukuyenera kugula. Bwerekani kwa amene amaika madishi a TV kapena a zamagetsi, kaya mumulipire abwere adzaboole mabowowo. Chachitatu, mwina munagunda chitsulo. M'chipilala zitsulo zimaima m'makona, ndipo zina zimazizungulira ngati mphete, masentimita atatu kapena anayi kuchokera kunja. Mumazindikira ndi kulira kwake, kumasintha kukhala kosongoka, fumbi limasiya kutuluka, ndipo pansonga pa biti mumaona tizitsulo tonyezimira. Zikatero lekani. Musakakamize, musadule chitsulocho. Sunthani masentimita anayi chopingasa, bowo lakalelo mulitseke. Biti imene yafika pa mtundu wa buluu yatha ntchito, itayeni. Kuti ina isapse, muziitulutsa pakapita masekondi 10 kapena 15 kuti fumbi lituluke, ndipo musainyike m'madzi ili yotentha chifukwa kansongako kamang'aluka.

Kunena zoona, chipilalacho ndi malo abwino koposa onse pakhonde panu, ngati mwini nyumba avomera. Mabowo awiri a mamilimita 10 pakati pa nkhope yake, kutali ndi makona, sachifooketsa.

Tiyeni tione katundu amene mukufuna kupachika, chifukwa apa anthu amawerengera kulemera kokha n'kuiwala zina. Sola ya mawati 150 imalemera makilogalamu 10 mpaka 12, mwana wa sukulu amainyamula. Koma kukula kwake ndi pafupifupi sikweya mita imodzi, ndipo mphepo ya liwiro la makilomita 100 pa ola, ngati ija imatsogolera mvula zoyamba n'kusasula malata, imakankha sikweya mita imodzi ndi mphamvu yoposa makilogalamu 40. Siikankha mbali imodzi. Imakankha, imakoka, imagwedeza, ndipo pa nsanjika yachitatu palibe mtengo wa mango wokutchingirani. Kugwedeza kumeneko ndi kumene kumadya njerwa yofewa pang'onopang'ono mpaka bawuti kumasuka. Onjezanipo nkhani ya mkono wa bulaketi. Katundu wa makilogalamu 20 akakhala masentimita 40 kuchokera pakhoma, mabowo a bulaketi n'kutalikirana masentimita 10 okha, bawuti ya pamwamba imazulidwa ndi mphamvu ya makilogalamu 80. Mabowo omwewo mukawatalikitsa kufika masentimita 30, mphamvuyo imatsika kufika pa 27. N'chifukwa chake ndimauza anthu kuti apite kwa wowotcherera akawapangire bulaketi ya angle iron yokhala ndi msana wautali ndi chochirikiza chopendekeka, kusiyana ndi kugula tija tating'ono ta mashelefu.

Chingwe cha zovala nachonso chimanamiza. Bulangete lonyowa la makilogalamu 10 pakati pa chingwe cha mamita atatu, chokungidwa mwakuti chikungogwa masentimita 10, limakoka mbedza iliyonse ndi mphamvu ya makilogalamu 75. Chisiyeni chilendewere pang'ono. Chikagwa masentimita 20, mphamvuyo yatsika ndi theka.

Ndiye mugule chiyani? Pa chingwe cha zovala, m'njerwa yolimba, pulagi ya nayiloni ya mamilimita 10 ndi sikuluwu ya mutu wa sipanala ya mamilimita 8 zikwanira. M'mashopu a hardware, kaya ku Malangalanga kaya ku Limbe, mukangoti fisha akumvani. Dzinali likuchokera kwa Artur Fischer wa ku Germany amene anapanga pulagi ya mtunduwu mu 1958, ngakhale zambiri zimene amagulitsa ndi dzina limeneli si za kampani yake. Ipindeni ndi zala musanalipire. Ya nayiloni imapindika n'kubwerera, ya pulasitiki wamba imayera popindikapo kapena kuthyoka, ndipo padzuwa siikhalitsa. Nambala ya biti ikhale yofanana ndi ya pulagi, ndipo pulagi ilowe mochita kugogoda ndi hamala. Ikalowa ndi chala, bowo lakula. Ipitirire pulasitala, ikakhale m'njerwa, chifukwa pulasitala sanyamula kanthu. Sikuluwu nayo ikhale yaitali mokwanira kudutsa bulaketi, pulasitala ndi pulagi yonse mpaka nsonga kutulukira kumapeto.

Pa sola, ngati ndi pa konkire, gwiritsani ntchito sleeve anchor ya mamilimita 10 kapena wedge anchor ya M10 (kutanthauza bawuti ya mamilimita 10), ilowe masentimita 6 kapena 7 m'konkire yeniyeni. Mabawuti amenewa amagwira potambasuka mkati, ndiye musawaike pafupi ndi m'mphepete. Ine ndimasiya masentimita 10 kuchokera pakona, ndi 10 pakati pa awiri. Rawl bolt, imene amisiri athu amaikonda kwambiri, ndi yabwino pa konkire ndi pa njerwa yolimba, koma kumbukirani kuti ya M8 imafuna bowo la mamilimita 14, ya M10 la 16. Pa njerwa yofewa ndimaikana. Ndinaphunzira movutikira zaka zapitazo pa nyumba ina imene tinkaika geti laling'ono la pakhonde. Ndinamanga sipanala mwamphamvu kuti ndisangalatse mwini nyumba amene anaima pambali, ndinangomva kuti "tswa" mkati mwa khoma, pulasitala n'kuchita mng'alu wopingasa ngati mphezi. Njerwa inali itagawika pawiri. Tinagumula njerwa zitatu, kumanganso, kudikira sabata, zonse ndi ndalama za m'thumba langa.

Chimene chimathandiza pa njerwa yofewa ndi pa buloko yamphako ndi chemical anchor. Ndi guluu wa mitundu iwiri wokhala m'chubu chonga cha silikoni, amasakanikirana m'kamphuno kake pamene mukufinya. Mumadzaza bowo kuyambira mkati kubwera kunja, n'kulowetsa threaded rod, chitsulo cha mazinga chonga bawuti yopanda mutu, mozungulitsa. Satambasula kanthu, ndiye njerwa siisweka, amangomatirira khoma ndi chitsulo kukhala chinthu chimodzi. Rod ya M8 imafuna bowo la mamilimita 10 lakuya masentimita 8, ya M10 bowo la 12 lakuya masentimita 9. Pa buloko yamphako mumayamba mwalowetsa kasefa kake kapulasitiki kooneka ngati chala cha neti, kuti guluu asagwere m'mphako koma atuluke m'timabowo n'kupanga chibulumwa kuseri. Woyamba kutuluka m'chubu mumutayire pa katoni mpaka mtundu ufanane, ameneyo sauma bwino. Nthawi youma yalembedwa pa chubu molingana ndi kutentha. Mu Okutobala amagwira m'mphindi zochepa chabe, choncho konzani mabowo onse musanayambe kufinya. Mu Juni amachedwa. Onaninso tsiku lothera ntchito, chifukwa machubu ena amagona nthawi yaitali m'shelefu. Ndi wodula, sindikana, koma chubu chimodzi chimakwanira ntchito yanu yonse n'kutsala.

Guluu ameneyu ali ndi mdani mmodzi, fumbi. Ndipo apa ndi pamene amisiri ambiri, ngakhale akale, amachita ulesi. Bowo likakhala ndi fumbi, guluu amamatirira fumbilo osati khoma, ndipo rod imasololoka yonse ndi chikhungwa chake ngati chimanga chochotsa m'makoko. Pemererani ndi pampu ya njinga kapena kapaipi kofika kumapeto kwa bowo, pukutani ndi kabulashi, ngakhale mswachi wakale wodula m'mbali, pemereraninso, kawiri kapena katatu, mpaka fumbi lisiye kutuluka. Ngati mukupemerera ndi pakamwa, tsinzinani ndipo kapaipiko kakhale katali. Ngakhale pa pulagi wamba chitani chimodzimodzi, ndipo bowo lipitirire utali wa pulagi ndi sentimita imodzi. Zengani kaselotepi pa biti kuti mudziwe poimira.

Ngati njerwa ndi zofewa mwakuti ngakhale guluu mukumukayikira, ndipo kuseri kwa khomalo ndi chipinda chanu chomwe, pali njira ya makolo yomwe siinandikhumudwitsepo: kuboola mpaka kutulukira, kudutsitsa rod, n'kuika chitsulo chafulati ndi nati mkati. Siikongola, koma khoma lonse ndi limene limanyamula. Kakhoma kafupi kotchinga kutsogolo kwa khonde kaja musakadalire. Nthawi zambiri ndi ka njerwa imodzi chogona, kongokhala pamwamba pa silabu, ndipo sola ikalendewera kunja kwake imakhala ngati thanga la bwato lokoka kakhomako.

Musanayatse drill, yang'anani mbali zonse ziwiri za khoma. Mawaya a magetsi amayenda molunjika kukwera kapena chopingasa kuchokera pa soketi, pa switchi ndi pa nyali, ndiye musaboole pamzere umenewo. Ngati kuseri kuli bafa kapena khitchini, ganizirani za mapaipi. Kachipangizo kofufuzira mawaya ndi zitsulo m'khoma kamathandiza ngati mungakapeze, koma amagetsi athu ena amadutsitsa paipi mwachidule mopendekeka kuti asunge waya, choncho boolani masentimita atatu oyamba modekha, hamala yozimitsa, mutagwira drill pa pulasitiki pokha. Mukaona tizidutswa ta pulasitiki toyera kapena takuda m'fumbi, imani pomwepo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Poika, boolani bowo limodzi la pamwamba, mangani bulaketi mosalimbitsa, ikani levulo, kenako lembani ena kudzera m'mabowo a bulaketi yomweyo. Mukalemba onse ndi tepi n'kuboola kamodzi, limodzi lidzathawa ndithu, biti imakonda kutsetsereka ikakumana ndi kamwala. Mabawuti akhale a galvanised kapena stainless, akuda aja amatsitsa misozi ya dzimbiri pakhoma mvula yoyamba. Amene muli kunyanja ya mchere ngati Durban kapena Beira funani stainless ya A4. Pakani silikoni ya panja kuzungulira bowo musanamange bulaketi kuti madzi asalowe m'khoma n'kukatulukira ngati nkhungu kuchipinda. Pomanga, sipanala ikalimba onjezani pang'ono n'kusiya. Bawuti ikamangozungulira osalimba, kapena ikamatuluka pamene mukumanga, siinagwire, musadzinamize.

Valani magalasi ndi masiki. Fumbi la konkire ndi njerwa lili ndi silika, yemweyo amene anawononga mapapo a azigogo athu ambiri amene anakagwira ntchito m'migodi ya golide ku Joni. Mabowo asanu ndi limodzi sangakudwalitseni, koma palibe chifukwa cholipumira. Choopsa chenicheni kwa inu ndi kutalika. Mukakwera pampando kapena pamakwerero pakhonde, chotchinga chija chimatsikira m'mawondo, ndipo biti ikakodwa pa chitsulo drill imapotoza mkono mwadzidzidzi. Ikani mabulaketi pamene mungafike mutaima pansi ndi miyendo iwiri. Pakhale munthu pansi woletsa ana kudutsa, ndipo sola muimange chingwe ku chitsulo cholimba musanaikweze. Chingwe chachitsulo chaching'ono chotere ine ndimachisiya pomwepo mpaka kalekale, chomangirira pa bawuti yakeyake, kuti tsiku limene bulaketi idzagonje sola idzalendewere m'malo mogwera pa galimoto kapena pamutu pa munthu.

Chinanso, onani kumene khonde lanu layang'ana musanawononge ndalama. Lilongwe ili madigiri pafupifupi 14 kumwera kwa equator, ndiye sola imafuna kuyang'ana kumpoto, yopendekeka pang'ono, madigiri 15 kapena kuposerapo kuti mvula izitsuka fumbi. Ikakhala pansi pa mthunzi wa khonde la pamwamba, kapena mthunzi wa chitsulo chimodzi ukadutsa pakati pake, mphamvu imatsika kwambiri kuposa mmene mungaganizire. Khalani tsiku limodzi mukuona pamene dzuwa likugwera 9 koloko, 12 koloko ndi 3 koloko.

Ndipo popeza ndi nyumba ya lendi, alandilodi auzeni musanaboole china, makamaka pa chipilala, ndipo akuyankheni pa WhatsApp kuti mukhale ndi umboni tsiku lotuluka. Mabowo awiri amene mwaboola kale muwatseke sabata ino. Akakana zoboola, ndipo chotchinga cha khonde lanu ndi chachitsulo cholimba chosadyeka ndi dzimbiri m'munsi, wowotcherera angakupangireni felemu yogwira ndi ma U-bolt anayi, mabawuti opindika ngati chilembo cha U, sola ili chamkati mwa khonde. Posamuka mumangomasula ndi sipanala ya 13 n'kunyamula.